Kodi mumadziwa? Choko, wailesi ndi tabuleti m'mapiri a ku Dedza

Kodi mumadziwa kuti bolodi lakale kwambiri m'boma la Dedza ndi lamwala? M'mapanga a ku Chongoni muli zithunzi zojambulidwa pamatanthwe, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo zina mwa zoyerazo zinkathandiza anamkungwi polangiza atsikana kuchinamwali. Malo oterewa alipo 127, ndipo bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006!

Wophunzitsa wa kumapiri kuno wakhala akugwira chilichonse chimene chili pafupi naye: dothi loyera, sileti, choko, wailesi, lero foni ndi tabuleti. Ndipo ana oti awaphunzitse sachepa ayi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma lino muli anthu 830,512.

Mukachoka pa Dedza boma kulowera ku Ntcheu, n'kupatukira kumanzere pa mphambano ya Bembeke, mufika pa mishoni imene ansembe a White Fathers adatsegula m'chaka cha 1910. Pomwepo pali koleji ya St Joseph's, imene imasula atsikana ndi amayi kuti akhale aphunzitsi a pulayimale. Mukuganiza kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti mtsikana wa satifiketi ya fomu 4 asanduke madamu? Zaka 2 basi.

Zaka ziwirizo adazigawa mochenjera. M'ndondomeko ya IPTE, imene idakonzedwanso m'chaka cha 2017, wophunzira amayamba ndi materemu 2 pakoleji, kenako amapita kusukulu kukayeserera ntchito, komwe eni ake amangoti ku TP, n'kubwereranso kukoleji kudzamaliza. Mwa materemu 6 onsewo, 2 athunthu amawathera kutsogolo kwa ana enieni, fumbi la choko lili mbuu kumanja.

Ndondomeko yomweyo ikufuna kuti mphunzitsi wamawa azidziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, foni ndi intaneti pophunzitsa. Cholinga n'chakuti lusoli lilowe m'masamu, m'Chichewa, m'sayansi, paliponse. Funso n'lakuti akakafika kumudzi, zipangizozo akazipeza? Kalembera yemwe uja adapeza kuti nyumba zokhala ndi kompyuta kapena tabuleti m'Malawi muno zinali 4 zokha pa 100 zilizonse.

Koma taonani mbali inayi. Nyumba zokhala ndi wailesi zinali pafupifupi 34 pa 100, pomwe zokhala ndi foni yam'manja zinali pafupifupi 52 pa 100. Foni idaipitirira wailesi kalekale, ndiye chipangizo chimene mphunzitsi watsopano ayenera kuchidziwa bwino chili kale m'thumba mwake!

Musaganize kuti kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi kwabwera ndi intaneti. Dziko lino lidatsegula Malawi Correspondence College m'chaka cha 1965, ndipo maphunziro ankayenda mu envulopu, kudzera ku positi ofesi, mayankho n'kubwereranso njira yomweyo. Tinali titangodzilamulira chaka chimodzi chokha.

Kenako kudabwera chigumula cha 1994. Boma litachotsa fizi kupulayimale, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Kuti makalasi asakhale opanda munthu kutsogolo, boma lidalemba ntchito aphunzitsi osapita kukoleji pafupifupi 20,000.

Ndiye adawaphunzitsa bwanji onsewo? Mu pulogalamu ya MIITEP, imene idayamba m'chaka cha 1997, munthu ankayamba ndi miyezi 3 yokha pakoleji, zambiri zotsalazo n'kumaziwerenga m'mabuku ali pantchito kusukulu kwake. St Joseph's ya ku Bembeke inali imodzi mwa makoleji 6 amene adasenza katundu ameneyu.

Alipo akukumbukira Tikwere? Pofika 2008, maphunziro a ana a makalasi oyambirira ankamveka pa MBC, ndipo masukulu adalandira mawailesi osafuna mabatire, ongopukusa ndi dzanja kapena kuwaika padzuwa. Mawu a pawailesi ankati akafunsa funso n'kukhala chete kudikira ana ayankhe, mphunzitsi wa m'kalasi akuloza pabolodi, ndipo phunziro lonse linkatha m'mphindi 30.

Tikwere idatiphunzitsa chinthu chimene ndimachikonda kwambiri: makina amayenda bwino mphunzitsi akakhala pambali pake ali tcheru. Wailesi sinkaona kuti mwana wakumbuyo uja wagona, kapena kuti wina wagwira buku chadodolido. Maso anali a madamu, ndipo m'makalasi oyambirira si zachilendo kuti maso awiriwo aziyang'anira ana oposa 100, chikhalirecho boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60.

Kodi mumadziwa kuti wailesi idaleranso mwana amene adadzapanga imodzi mwa mapulogalamu otchuka ophunzirira pa intaneti? Martin Dougiamas adakulira kuchipululu cha ku Australia, kutali zedi ndi sukulu, ndipo ankalankhula ndi mphunzitsi wake kudzera pa wailesi. Atakula adapanga Moodle, imene idatuluka m'chaka cha 2002, ndipo lero mayunivesite a m'maiko oposa 200, ena a kuno kwathu omwe, amaikapo manotsi ndi mayeso.

Tsiku limene tonse tidazindikira kufunika kwa zonsezi ndi 23 Malichi 2020. Sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo amene anali ndi foni yamakono ndi bandulo adapitiriza kulandira manotsi, pomwe anzawo ambiri adangobwerera kumunda ndi kumsika. Zitseko zidayamba kutsegulidwa mu Seputembala, patatha miyezi yoposa 5.

Vuto lalikulu mukulidziwa kale: moto. Foni yopanda chaji ndi katundu chabe, ndipo mphunzitsi wa kumudzi amayenda mtunda kukaitchajitsa pa gulosale kapena pa shopu yometera. Nyumba zowunikira ndi magetsi m'chaka cha 2018 zinali 11 zokha pa 100.

Komatu Dedza ili ndi nkhani yabwino pa dzuwa. Tsikani Khwekhwerere, msewu wokhotakhota uja, mufike ku Golomoti: pamenepo pali munda wa masola umene udayamba kupereka magetsi m'chaka cha 2022, uli ndi mabatire akuluakulu osunga moto kuti uzigwirabe ntchito dzuwa litalowa. Mphamvu yake ndi mamegawati 20!

Palinso kachitsanzo kakang'ono kosangalatsa. M'mudzi wa Mthembanji, kwa Kachindamoto, adaika masola apamudzi m'chaka cha 2020 mothandizidwa ndi yunivesite ya Strathclyde ya ku Scotland ndi bungwe la United Purpose, osadikira nthambo za ESCOM. Adayamba ndi makasitomala okwana 60.

Nanga mumadziwa kuti sola imakonda malo ozizira? Ambiri timaganiza kuti kutentha ndiko kumaipatsa mphamvu, koma chimene imafuna ndi kuwala, ndipo ikatentha kwambiri imayamba kufooka. Ndiye kunja kukayera, nkhungu ya mu Juni itachoka, sola ya pamwamba pano imapuma mphepo yabwino, chifukwa tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kuposa matauni ena onse a m'dziko muno.

Ndipo kwezani maso muone phiri la Dedza. Pansonga pake pali nsanja zazitsulo zotumiza mawu a wailesi ndi mafoni, chifukwa mafunde otere amafika patali akachokera pamalo okwera. Nsonga imeneyo ili pa mamita 2,198.

Zina zikuchokera kumwamba kwenikweni. Kuyambira mu 2023, intaneti ya Starlink ikupezeka m'Malawi, ndipo kambale kake kamalankhula ndi masetilaiti mwachindunji, popanda nthambo kapena nsanja, ngakhale mtengo wake udakali wolemera kwa sukulu ya kumudzi. Masetilaitiwo amauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, kufupi kuposa ulendo wa pamsewu wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu.

Tiyeni tilowe m'kalasi ya matabuleti tione. Ana akhala pansi m'mizere, aliyense wavala mahedifoni, tabuleti ili pamiyendo, ndipo pagalasi patuluka mphunzitsi wojambulidwa dzina lake Alefa, akulankhula Chichewa. Kachala kakutsatira chilembo, kakukoka tizinthu n'kutiwerenga kamodzikamodzi, ndipo mwana akalakwa Alefa amabwereza mofatsa, kaya kachiwiri, kaya kachisanu.

Chodabwitsa n'chakuti zonsezi sizifuna netiweki. Maphunziro ali kale m'kati mwa tabuleti, ndipo nthawi ikatha mphunzitsi amazitolera, kuziwerenga, n'kuzibwezera m'bokosi lachitsulo momwe zimatchajidwa ndi sola. Bandulo imene mwana wagwiritsa ntchito pa phunziro lonselo ndi 0.

Pulogalamu imeneyi ndi ya bungwe la onebillion la ku Britain, ndipo idayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe m'chaka cha 2013, m'kafukufuku wa Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham. Mu 2019 bungweli lidapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE pamodzi ndi gulu lina lotchedwa Kitkit School, atayesa mapulogalamu awo m'midzi ya ku Tanzania. Mphoto imene awiriwo adagawana inali madola 10 miliyoni!

Tsopano boma lidatenga pulogalamu ya matabuletiyi kukhala yake. Pulogalamu ya BEFIT idayamba mu 2023 ndi masukulu 500, ndipo cholinga chake n'kufikira ana a sitandade 1 mpaka 4 m'masukulu onse a pulayimale a boma. Ndiye kuti madamu amene akutuluka ku Bembeke chaka chino akuyembekezeka kudzakumana ndi bokosi lachitsulo lija kulikonse kumene adzatumizidwe, pakuti masukuluwo ndi pafupifupi 6,000.

Changu chonsechi n'chachiyani? Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020 adayesa ana a zaka 7 mpaka 14 kuti aone ngati angawerenge kankhani kafupi n'kuyankha mafunso ake. Amene adakwanitsa anali mwana mmodzi yekha mwa ana 5 alionse.

Apa ndiye pamafunika kusamala, chifukwa makina okha sachiza matenda amenewa. Dziko la Peru lidagula malaputopu oposa 800,000 n'kugawira ana, koma akafukufuku atayendera masukulu oposa 300 akumidzi adapeza kuti ana adziwadi kugwiritsa ntchito makinawo, pomwe masamu ndi kuwerenga zili pomwe zinali. Izitu zinali pambuyo pa miyezi 15.

Ine ndikuona kuti ndalama yophunzitsira mphunzitsi ndi yofunika chimodzimodzi ndi yogulira tabuleti. Ndi iye amene amazindikira kuti mwana uyu akungodinadina osamva, kuti hedifoni iyi yaduka nthambo, kuti chilembo chimene Alefa waphunzitsa m'mawa chiyenera kubwereranso pabolodi masana. Dziko lonse likudziwa zimenezi: UNESCO ikuti pofika 2030 padzafunika aphunzitsi atsopano 44 miliyoni, ndipo 15 miliyoni mwa iwo ndi a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Aliyense amene adadutsa kukoleji ya aphunzitsi amaidziwa TALULAR, luso lophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo. Zitsekerero za mabotolo zimasanduka zowerengera, katoni imasanduka tchati, njere za chimanga zimalemba zilembo. Bwanji foni ya m'thumba isalowe m'gulu lomweli, pamene nyumba imodzi mwa ziwiri zilizonse ili nayo?

Taganizani za wophunzira amene ali ku TP cha ku Mayani kapena ku Lobi. Usiku wakhala ndi sikimu yake, mawa ali ndi phunziro la kuchotsera kobwereka, ndipo sakudziwa poyambira. Ajambula lesoni pulani yake, aitumiza pa gulu la WhatsApp la anzake, wina amuyankha ndi mawu ojambula, wina amutumizira chithunzi cha mitolo ya timitengo imene adagwiritsa ntchito dzulo. Thandizo limene kale likadadikira tsiku la msonkhano wa aphunzitsi ku TDC lamupeza asanazime nyali.

WhatsApp yomweyo ili ndi nkhani yake. Idayamba m'chaka cha 2009, ndipo pamene Facebook inkaigula mu 2014 inali ndi anthu oigwiritsa ntchito pafupifupi 450 miliyoni. Antchito ake anali angati, mukuganiza? 55 okha!

Bandulo ikutha msanga? Dziwani kuti mawu olembedwa ndi opepuka kwambiri, chimene chimameza ndalama ndi vidiyo. Mawu onse a m'Baibulo, kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, amakwana m'malo a mamegabaiti 4 kapena 5, ofanana ndi nyimbo imodzi yokha ya mufoni.

Ndiye werengani nokha. Mu gigabaiti imodzi mungalowe mabuku aakulu ngati Baibulo okwana 200, bola akhale a mawu okhaokha. Memori khadi imene yadzaza ndi nyimbo ija ingathe kunyamula mabuku ambiri kuposa laibulale ya sukulu yonse.

Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Kiwix, imene imakulolani kukopera Wikipedia kamodzi n'kumaiwerenga popanda intaneti. Wikipedia yonse ya Chingerezi, ndi zithunzi zomwe, imafuna magigabaiti pafupifupi 100. Zonsezo zimakwana pa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo!

Mwina mukuti kuphunzitsa pa intaneti n'kwa mabwana a maofesi akuluakulu. Salman Khan wa ku America adayamba mu 2004 pothandiza msuweni wake masamu ali kutali, ndipo mu 2006 adayamba kuika timavidiyo take pa YouTube, momwe simuoneka nkhope yake, mumangomveka mawu ndi kuoneka zolemba. Khan Academy imene ana mamiliyoni amaigwiritsa ntchito lero idayamba ndi wophunzira mmodzi.

Aphunzitsi a mu Africa ali nazonso zawo. Kuyambira 2005, pulogalamu ya TESSA, yotsogozedwa ndi Open University ya ku Britain pamodzi ndi makoleji a mu Africa, yakhala ikuika pa intaneti zipangizo zaulere zothandiza mphunzitsi wa pulayimale. Zidalembedwa m'zilankhulo 4: Chingerezi, Chifalansa, Chiarabu ndi Chiswahili.

Mwaona chimene chikusowa pamenepo? Mwana wa sitandade 1 ku Kasina amaganiza m'Chichewa, amafunsa m'Chichewa, amalira m'Chichewa, koma mphunzitsi wake akatsegula intaneti amapeza pafupifupi zonse zili m'chilankhulo china. Ngakhale Google Translate idalandira Chichewa mochedwa, mu Disembala 2014.

Apa ndiye pamene pamandiwawa mtima. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 7 miliyoni, pomwe ya Chichewa ili ndi nkhani cha m'ma 1,000 basi. Pa nkhani imodzi yathu, anzathu ali nazo pafupifupi 7,000!

Musati n'chifukwa choti ndife ochepa. Dziko la Iceland lili ndi anthu osafika 400,000, osakwana n'theka lomwe la anthu a m'boma la Dedza lokha. Koma Wikipedia ya m'chilankhulo chawo ili ndi nkhani zoposa 50,000.

Ndipo chitsanzo china chili pakhomo pompano. Abale athu olemba Chitumbuka adavula jekete m'zaka zaposachedwapa n'kuyamba kulemba mwakhama. Wikipedia yawo idadutsa nkhani 10,000, kuisiya ya Chichewa kutali.

Ndani angatseke dzenje limeneli kuposa mphunzitsi? Ndi iye amene tsiku lililonse amasandutsa zovuta kukhala zosavuta, amene amadziwa mawu oti mwana amve msanga za kayendedwe ka madzi kapena matenda a mbatata ya kachewere. Kalasi imodzi ya ophunzira uphunzitsi 40, aliyense atalemba kankhani kamodzi pa sabata, pa teremu ya masabata 12 pangatuluke nkhani 480.

Nkhani ya William Kamkwamba mukuidziwa, koma kodi mumadziwa kuti adaululika kudzera mwa anthu osula aphunzitsi? Mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu ameneyu adasiya sukulu posowa fizi, n'kupanga makina a mphepo opereka magetsi ataona zithunzi m'buku la mulaibulale ya kumudzi, ndipo mu 2006 Dr Hartford Mchazime wa pulojekiti ya Malawi Teacher Training Activity ndiye adabwera ndi atolankhani kudzaona. Pamene William ankayamba kupanga makinawo anali ndi zaka 14.

Chosangalatsa china n'chakuti zonsezo adazichita asanaione intaneti. Adadzaiona bwinobwino mu 2007 ku Arusha, ku Tanzania, pa msonkhano wa TED, ndipo atafufuza za makina a mphepo adadabwa kuona kuti zimene adazivutikira zinali mbwee pamenepo. Patatha zaka 7 adamaliza digiri ku Dartmouth College ku America.

Ana otero alipo m'mapiri muno, anyamata ndi atsikana omwe. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adagwira ntchito ya usekilitale pa koleji ina ku Zomba zaka 27 asanalowe ufumu, adatchuka dziko lonse pochotsa ana m'mabanja n'kuwabwezera kusukulu. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati a ana oposa 850.

Mtsikana wobwerera kusukulu chotero akaona madamu wa kwawo konkuno akutsegula laputopu mosaopa, amadziwa kuti nayenso angathe. Dedza si yachilendo potulutsa anthu otchuka: sekondale ya boma ya Dedza, imene ambiri amangoti Box 48, idatsegulidwa mu 1951. Mwa ana amene adakhala pa madesiki ake, 2 adadzakhala apulezidenti a dziko lino, Bingu wa Mutharika ndi Peter Mutharika.

Chenjezo limodzi kwa aphunzitsi atsopano: foni ili ndi kamera, koma nkhope ya mwana wa eni si yanu. Musaike zithunzi za ana, mayina awo kapena malikisi awo pa Facebook makolo asanavomere, pakuti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu. Ndipo kumbukirani kuti m'malamulo athu mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Chenjezo lina ndi la zonama. Sikuti chilichonse chofika pa gulu la WhatsApp ndi choona, ndipo bodza limene mphunzitsi walemba pabolodi limakopedwa m'makope 100 nthawi imodzi. Musanaphunzitse chimene mwachipeza pa intaneti, chiyerekezeni ndi buku la sukulu la MIE kapena ndi malo ena osachepera 2.

Tsono inu amene muli ku Bembeke, kapena ku TP kwinakwake m'mapiri muno, teremu ino musangokopera za ena. Sankhani phunziro limodzi limene ana anu adalimva bwino, mulilembe m'Chichewa chomveka, mulitumize kwa anzanu, ndipo ngati bandulo ikulola, mulembenso kankhani kamodzi pa Wikipedia ya Chichewa, kaya ka mudzi wanu, kaya ka mtsinje wa Linthipe, kaya ka ulimi wa kachewere. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo foni yomwe muli nayoyo ndi yokwanira.